Mfiti ya mu Filimu ya Maynard

Ine ndine Eliya, kalipentala wa pa Ntcheu Boma, kuseri kwa msika kumene amagulitsira matabwa. Nkhani ndikufuna kunenayi ndi ya malemu alongo anga a Lufina, amene anthu a ku Biriwiri ankawatchula ndi mfunda wathu kuti a Nanzunga. Ndiinena monga ndinaionera. Amene ati apse mtima apse, wanga unapsa kalekale.

A Lufina ndiwo anali oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, ine mzime. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndiye kumbuyo kumene ndinakulira n'kwa alongo angawa. Sukulu analekera sitandade 3. Anakwatiwa ndi mkulu wina wa kutsidya kwa msewu, mbali ya ku Mozambique, amene anapita ku Joni kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Ana anabereka anayi. Atatu anawaika m'manda asanayambe n'kuyenda komwe, wina ndi chikuku, awiri ndi malungo. Anatsala ndi mmodzi, mtsikana, Atikonda. Ankalima mbatatesi ndi kabichi m'mapiri muja, n'kumagulitsa m'ndowa m'mbali mwa msewu kwa anthu a m'mabasi.

Munthu woona mavuto otero mungaganize kuti anali wandwii. Ayi ndithu. A Lufina anali chiseketso cha mudzi wonse. Ankatha kuyenda ngati mbusa wathu, kutsokomola ngati wogulitsa fodya, kukalipa ngati kondakitala. Pa sewero la Khirisimasi ku tchalitchi, Herode ankakhala iwowo chaka ndi chaka, atavala jekete ya abambo ndi ndevu za khonje, chifukwa panalibe mwamuna wowaposa. Akati, “Apheni onse!” ana ankabisala m'zitenje za amayi awo, akuluakulu ali kugwa nako kuseka.

Tsono kunabwera Maynard Goliati.

Maynard anali mwana wa pa Boma pompano. Matipate atangoyamba, aliyense anayamba kufuna kuoneka pa kanema, ndiye iye anapeza kamera yakeyake. Ankajambula maukwati, zinkhoswe, maliro a anthu opeza bwino, kuvundukula ziliza. Kenako bungwe lina linamutuma kujambula za zitsime ndi za matenda a kolera m'midzi, n'kumakaonetsa m'masukulu. Anthu ankaona chitsime chawo chomwe, odwala awo omwe, agogo awo akulankhula. Tsiku lina njinga inabedwa pa ukwati, wakubayo anakana mpaka kulumbira, koma tepi ya Maynard inamuonetsa akuikankha kuseri kwa holo. Kuyambira pamenepo boma lonse la Ntcheu linadziwa chinthu chimodzi: chimene Maynard wajambula ndiye kuti chinachitika. Kamera yake inali isananamepo.

Koma iye maukwati anali atamukwana. Ankafuna filimu yeniyeni, yonga ya ku Nigeria ija inkadzaza nyumba zoonetsera vidiyo. M'chaka cha 2005 anafika ku shedi kwanga ndi kope la sukulu m'manja, mmene analembamo nkhani yake. Ankafuna ndimukhomere kabokosi ka maliro a mwana ndi mtengo wautali womangirira maikolofoni. Nkhaniyo inali ya mfiti imene ikudya ana a m'mudzi mpaka kugwidwa.

“Osewera onse ndawapeza, akulu,” anatero, “koma mfitiyo ndiye yandisowa. Amayi onse akukana.”

Ndipo pakamwa panga pomwepa, popanda wondifunsa, ndinati, “Kodi a Herode a ku Biriwiri unawaonapo?”

Amayi amene anakana aja anali anzeru. Ine ndinali chitsiru chonyadira mlongo wake.

Tinapita limodzi ku Biriwiri. A Lufina tinawapeza akutsuka mbatatesi. Atamva anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

“Iwe Eliya, wandionera ufiti pati? Chabwino. Herode ndinamutha, nanga mfiti n'chiyani?”

Tinajambula mu Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa, Loweruka ndi Lamlungu masana kwa milungu isanu. Zinali zosaukira zokhazokha. Magetsi owalitsira tinalibe, ndiye zonse za usiku Maynard ankajambula dzuwa likuswa mtengo, amvekere akakalowetsa mu kompyuta ku Lilongwe akazidetsa. Ku manda enieni sakanatilola, choncho manda athu anali mitumbira m'munda wa a Lufina mmene anali atangokumbamo mbatatesi. Khanda linali thunthu la nthochi lokulungidwa m'chitenje. Nyama yake inali ya mbuzi, ndipo tikamaliza tinkaidya tonse. Pouluka, a Lufina ankakhala m'lichero limene ndinalikhomera thabwa pansi, ine ndi amuna awiri n'kumakoka chingwe chimene tinachiponya pa nthambi ya bulugama. Anagwa katatu. Kachitatu anagona chagada m'fumbi, miyendo m'mwamba, akuseka chikhakhali, amvekere, “Afiti anzanga, ndegeyi yatha mafuta!” Phulusa kumaso ankawapaka ndi Atikonda, mwana wawo, amene panthawiyo anali pa chibwenzi. Ndiyenso ankatiphikira.

M'kope muja mfitiyo inali ndi dzina lake lopeka. Koma osewera anzawo anali anthu a m'mudzi momwemo, alimi, ndiye pakamwa pankangotuluka “a Nanzunga, a Nanzunga.” Maynard anabwereza kawiri, katatu, kenako anayang'ana batire la kamera n'kunena kuti, “Zisiyeni choncho, zikumveka zenizeni.” Nyumba ya mfiti inali nyumba yawo yomwe. Lichero lawo, mphika wawo, chitenje chawo chopitira ku msika. Mayina a osewera kumapeto kwa filimu sanaikeko, akuti wa kompyuta uja anali ndi ntchito zina zomudikira.

Ndipo alongo anga anasewera. Mayo ine, anasewera! Pali pena pamene akutakasa mphika, kenako akutembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana mu kamera momwemo, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Ya khanda ndiye sivuta mano.” Mawu amenewo m'kope munalibe. Anangowatulukira. Ine amene ndinagwira mtengo wa maikolofoni tsitsi linandiimirira, ndipo Maynard anadumphadumpha ngati wagoletsa chigoli.

Filimu inatuluka pa chimbale mu Seputembala. Pasanathe mwezi anyamata a makompyuta anali atakopera zimbale zosawerengeka, ndipo inkaonetsedwa kuyambira ku Lizulu mpaka ku Balaka. Tsiku lina ndikudutsa pa nyumba ya vidiyo ya pafupi ndi depoti ndinaona bolodi atalemba ndi choko: MFITI YA KU BIRIWIRI YAGWIDWA PA KAMERA. Ndinathamangira kwa Maynard. Iye anangoseka.

“Akulu, imeneyo ndiye malonda. Asiyeni alowe. Ndani sadziwa kuti ndi sewero?”

Ndani sadziwa! Anthu amene kwa zaka zonsezi anawaphunzitsa yekha kuti kamera yake imajambula zoona, lero adziwe bwanji kuti yayamba kunama? Anaona nyumba yeniyeni, mudzi weniweni, mayi amene amamugula mbatatesi pa msewu, akutchulidwa dzina lake lenileni, akuuluka m'lichero mu mdima. Chingwe chija mdima wa mu kompyuta unachimeza.

A midzi yakutali anakhulupirira tsiku lomwelo. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi a m'mudzi mwathu, amene anaimirira pomwepo tikujambula, amene anadya nawo mbuzi ija. Poyamba ankatsutsa. Kenako anayamba kunong'onezana kuti inde linali sewero, koma munthu amasewera bwino chimene amachidziwa. Mawu aja anawaphunzitsa ndani, poti m'kope munalibe? Ndiye wina anakumbukira ana atatu aja. Ana amene alongo anga anawalira mpaka mawu kutha, anthu anayamba kuwawerenga pa zala ngati umboni.

Pa msewu, basi ikaima, anzawo ogulitsa ankangotsinzinira okwera, ndowa ya a Lufina n'kutsala yodzaza. Ana akamasewera pafupi ndi bwalo lawo amayi awo ankawaitana mokuwa. Khirisimasi ya chaka chimenecho Herode anapatsidwa kwa mphunzitsi wina amene ankalankhula ngati akuwerenga zolengeza.

A Lufina zonsezi anazipirira. Ankati, “Alekeni, pakamwa sipatopa koma makutu amatopa.” Ankatero chifukwa mtima wawo unali kwina. Atikonda anali atakwatiwa ndi mnyamata wa ku Champiti, Gracious, n'kutengedwa kukakhala kwawo kwa mwamuna, ndipo tsopano anali ndi pakati. Kwathu kuno mimba yoyamba imadikiriridwa ndi mayi wa mtsikana. Ndiye amakhala naye m'chikuta, masiku aja mayi ndi khanda satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Ndiye amasambitsa khandalo koyamba, ndi kuphunzitsa mwana wake kuyamwitsa. Mayi amene anaika ana atatu, n'kutsala ndi mmodzi, mungadziwe nokha mmene ankaliyembekezera tsiku limenelo. Ufa anakonzeratu, nkhuku anapatula, matewera anasoka pamanja. Chimene ankafuna pa dziko lapansi chinali kunyamula mdzukulu wawoyo, basi.

Uthenga unadzera kwa ine, poti ndine malume wa Atikonda komanso nkhoswe ya ukwati wake. Unachokera kwa a Nandau, amayi ake a Gracious. Unati a Nanzunga asavutike kubwera, kuchikuta kuli anthu okwanira.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, mpaka ku Champiti. A Nandau sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anandiyalira mphasa, anandipatsa thobwa, n'kukhala pansi moyang'ana kumbali.

“A Nzunga,” anatero, “ife sitikunena kuti asewele athu ndi afiti. Pakamwa pathu sipanatuluke zimenezo. Koma tinaona ndi maso athuwa. Nanga khanda likadzangotentha thupi iwo ali pano, anthu tidzawagwira bwanji?”

Ndinafotokoza za thunthu la nthochi, za mbuzi, za chingwe chimene ndinakoka ndi manja angawa.

“Chingwecho ife sitinachione,” anatero a Nandau.

Apo Gracious analankhula. Anati iye anamva kuti ojambula amakhala ndi matepi oyambirira, osadula, mmene mumaoneka zonse, zolakwika ndi zobwereza zomwe. Ngati chingwecho chilimo, ngati apongozi ake akuonekamo akugwa ndi kuseka, Atikonda akuwapaka phulusa, tibwere nawo matepiwo abale onse adzaone. Zikatero nkhani yatha, apongozi akewo adzalowa m'chikuta. A Nandau anavomera. Ndinabwerera mtima uli m'malo, ndikuti mwana ameneyu Mulungu amudalitse.

Maynard sanakane. Anatulutsa katoni pansi pa tebulo, yodzaza timatepi tating'ono ngati mabokosi a machesi, n'kusankhamo titatu tolembedwa NANZUNGA 1, NANZUNGA 2, NANZUNGA 3. Anati abwera yekha kudzalumikiza kamera ku sikirini. Ndipo ine, kalipentala amene ndimayeza thabwa kawiri ndisanadule, sindinanene kuti tiyambe taonera pompano. Sindinanene.

Loweruka linalo tinanyamuka atatu: ine, Maynard ndi a Lufina. Sikirini ndi batire la galimoto tinazikweza pa makabaza awiri. A Lufina anavala chitenje chatsopano ndi duku loyera. Titafika sanawalowetse m'nyumba. Anawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda, akuti adikire kaye pamenepo. Atikonda, mimba ili kutsogolo, anapita kukawagwadira n'kubwerera msanga.

M'nyumba munadzaza. Mazenera anatchinga ndi masaka kuti chithunzi chioneke, ena ankasuzumira pakhomo. Maynard analumikiza mawaya ake, n'kuika tepi yoyamba.

Munatuluka ukwati. Ukwati wa anthu osawadziwa, mu holo ya pa Boma, mkwatibwi akuvina, anthu akuponya ndalama pa perekaniperekani. Maynard anathamangitsa tepiyo kutsogolo, anaibweza m'mbuyo. Ukwati wokhawokha. Anthu anayamba kuseka.

Yachiwiri munali kuvundukula chiliza kwinakwake ku Nsipe, kwaya ikuimba.

Thukuta linali litayamba kuyenderera m'khosi mwa Maynard. Ndinamufunsa motsitsa kuti chikuchitika n'chiyani. Anandiyankha osandiyang'ana.

“Matepi ndi odula, akulu. Filimu ikatuluka timajambulapo zina pamwamba. Tonse timatero. Ndinangoiwala kusintha zolembazo.”

Tonse timatero! Mbiri ya munthu, nkhope ya mayi amene anandilera, anaipaka ukwati wa eni ake pamwamba ngati mmene ndimapakira vanishi pa thabwa lakale.

Yachitatu munali mpira wa masukulu. Maynard anaithamangitsa mpaka kumapeto, akuti mwina kwatsala kanthu kumene mpirawo sunafike. Ndipo kanatsaladi. Mpira unaduka, sikirini inathwanima, n'kutulukira nkhope ya alongo anga, yotuwa ndi phulusa, yodzaza sikirini yonse. Anatembenuka pang'onopang'ono, natiyang'ana tonse m'nyumba muja. “Ya khanda ndiye sivuta mano.” Tepi n'kuthera pomwepo.

Mayi wina anatola mwana wake n'kutuluka. Ine ndinayamba kulongolola kuti taonani, apa n'kowala, ndi masana, si usiku monga mu filimu muja, koma ndani ankandimvera? Wina kumbuyo anati, “Ndiye kuti amachita ndi masana omwe.”

A Nandau anaimirira n'kukonza chitenje chawo. “Zikomo, a Nzunga. Taona.”

Ndinatuluka kupita pa mtengo wa mango paja. A Lufina anandiyang'ana kumaso kamodzi kokha. Anatola kathumba kawo n'kunena kuti, “Tiye, Eliya, dzuwa lisatithere.” Maynard anatsalira akukulunga mawaya ake. Tsiku limenelo ndikanamumenya, koma dzanja limene ndikanamumenyera ndi lomwe linakoka chingwe.

Iye pano ali ku Lilongwe. Ndimamva kuti amaitanidwa m'misonkhano ya ojambula, kukafotokoza mmene anapangira filimu ndi kamera imodzi, lichero ndi chingwe, achinyamata n'kumamuombera m'manja. Ananditumizirapo uthenga kamodzi wopepesa. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindinamuyankhe.

Mwana anabadwa mu Malichi, wamkazi. A Lufina anamva kwa ine, ine ndinamva kwa wakabaza. M'chikuta munakhala a Nandau ndi achemwali awo. Nkhuku ija inangokalamba pakhomo.

Patatha miyezi iwiri alongo anga anafika ku shedi kwanga m'mawa, chinthu chimene sankachita. Anati amva kuti Lachitatu ndi tsiku la sikelo ku chipatala cha ku Champiti, ndiye ndiwaperekeze.

“Sindikalowa pakhomo pa eni ake,” anatero. “Msewu ndi wa boma. Ndikangomuona nkhope, basi, ndibwerere.”

Tinapita. Tinaima kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi chipata, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Amayi ankatuluka awiriawiri, ana kumbuyo, makadi a sikelo m'manja. Ena anawazindikira a Lufina n'kumakodolana. Iwo sanaone aliyense, maso anali pa chipata.

Kenako Atikonda anatulukira, ali yekha, khanda atalikolekera kutsogolo pachifuwa. Anationa. Anaima kanthawi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka msewu. Mumtima ndinati zatheka. Mwana ameneyu ndiye ankapaka phulusa lija ndi manja ake, ndiye anakulunga thunthu la nthochi m'chitenje. Pa dziko lonse lapansi, ngati panali munthu wodziwa zoona popanda tepi, anali iyeyu.

Anafika, nagwada m'fumbi patsogolo pa amayi ake.

“Muli bwanji, amayi? Muli bwanji, amalume?”

A Lufina anali atatambasula kale manja onse awiri, pakamwa pakumwetulira. Ndipo ndinaona ndi maso angawa dzanja la Atikonda likukwera lokha, kugwira nsonga ya chitenje, n'kuikokera pamutu pa khandalo mpaka kuliphimba lonse. Sindikhulupirira kuti anaganiza. Dzanja linangopita.

Manja a alongo anga anakhala m'malere kanthawi. Kenako anawabweza pang'onopang'ono n'kuwapinda pamimba.

“Kuli mphepo, amayi,” anatero Atikonda, misozi ili mbwembwembwe. Kunalibe mphepo. Dzuwa linali lootcha.

“Inde, mwanawe, m'funditse,” anatero a Lufina. Anayang'ana kamutu kozungulira kamene kankasuntha pansi pa nsaluyo. Kenako anafunsa motsitsa, “Wafanana ndi yani?”

“Ndi inu, amayi. Mphuno, chipumi, zonse ndi inu.”

Koma chitenjecho sanachivundukule.